Loko Pakamwa pa Madamu Kaphwiyo

Mu ufumu wa Kuwalakunja, kumene anthu amapaka laimu khoma loyang'ana kumsewu lokha, munali mphunzitsi wina dzina lake Zelesi Kaphwiyo. Ankaphunzitsa Sitandade 5 pasukulu ya Dengalikubwera, ndipo chuma chawo chonse chinali pakamwa. Madamu Kaphwiyo ankati akayamba kufotokoza mmene mvula imapangikira, ngakhale amayi ogulitsa zitumbuwa kuseri kwa kalasi ankaiwala malonda kuti amve mmene nkhaniyo ithere. Masamu ankachita kuwaimba. Mbiri ya dziko ankaikamba ngati miseche yadzulodzuloli. Amuna awo ankanena poyera kuti pa zaka khumi ndi zisanu za ukwati anakwanitsa kumaliza ziganizo zinayi zokha, ndipo sankadandaula.

Ana a m'kalasi mwawo, omwe ankapitirira makumi asanu ndi limodzi, ankawakonda koopsa. Ankadziwa amene wabwera osadya, amene amaopa masamu, ndi amene amanama kuti agogo ake amwalira kachisanu. Mukanawauza kuti asankhe pakati pa kalasiyo ndi mwendo wawo wamanja, akanayamba kufunsa mtengo wa ndodo.

Mavuto anayambira kunyumba yachifumu. Mfumu Kalilole Wachitatu inali ndi matenda amodzi: munthu akangoyamba kulankhula, iyo inkagona. Akazembe ankabwera ndi mauthenga, inkagona. Makolo a ku Dengalikubwera anapitako chaka ndi chaka kukadandaula kuti sukulu yawo ilibe denga, ndipo ankabwerako atamva mkonono wachifumu basi.

Tsiku lina kunafika katswiri wa zamaphunziro wochokera kutsidya kwa nyanja zitatu, atanyamula makina oonetsa zithunzi pakhoma. Anatseka makatani, nduna zonse zitakhala m'mipando. Anali ndi zithunzi zitatu zoti aonetse: diso, khutu ndi dzanja. Choyamba chitangotuluka, chidiso chachikulu ngati lichero, mfumu inadzidzimuka n'kukhala tsonga.

"Anthu ena," anatero katswiri uja, "amagwira msanga zinthu akaziona ndi maso."

"Ndine ameneyo!" inafuula mfumu, ikumenya mpando. "Zaka zonsezi anthu akundijeda kuti ndine watulo. Kani ndine wophunzira ndi maso!"

Nthawi yomweyo magetsi anathima. Jenereta inalibe mafuta, ndipo nduna yoona za mafuta inayamba kusirira nsapato zake. Katswiri anapitiriza mumdimamo. Ananena kuti palinso khutu ndi dzanja, kuti mphunzitsi wabwino amasakaniza zonsezi, ndiponso kuti akatswiri enieniwo amatsutsana pa nkhani yogawa ana m'magulu chonchi. Anali mawu anzeru ndithu. Kungoti anali mawu, ndiye mfumu inali itagona kale.

Itadzuka inaitanitsa bwalo la nduna. Inati ngati mfumu imaphunzira ndi maso, mwana wa munthu wamba ndani kuti aziphunzira ndi china?

"Zikomo Mfumu," anatero a Ndavomera, nduna ya maphunziro, akuwomba m'manja. "Ine makutuwa ndinayamba kale kuwakayikira. Mulungu sanalakwitse kuwaika m'mbali, maso n'kuwaika kutsogolo."

"Ife achipatala," inatero nduna ya zaumoyo, "tapeza kuti ntchito yeniyeni ya makutu n'kugwirira magalasi."

Bwalo linagwirizana kuti kuyambira belu loyamba mpaka lomaliza, m'sukulu musamveke mawu, a mphunzitsi kaya a mwana. Wina anafunsa za zilembo. A Ndavomera anati zilembo ndi mawu omwewo, kungoti avala yunifolomu, choncho nazo ziletsedwe. Zonse zizijambulidwa. Lamulolo nalo silikanatheka kulilengeza pakamwa popanda kuliswa, ndiye anaitana mkulu wina wolemba zikwangwani za malo ometera kuti alijambule.

Madamu Kaphwiyo analiona Loweruka mumsika wa Manong'onong'o, atapita kukagula tomato. Pamtengo wa mbawa panakhomedwa chikwangwani: kumtunda diso, kumunsi pakamwa pali loko. Anthu anaunjikana.

"Kukubwera madokotala a maso," anatero Nabiyeni wogulitsa tomato. "Koma mano sachotsa. Atsekera."

"Ayi mayi, akutanthauza kuti chaka chino chakudya tizingochiona," anatero mkulu wa pabutchala.

"Nanga chachilendo n'chiyani pamenepo, chofuna chikwangwani?" anafunsa wakabaza wina, ndipo anthu anafa nacho chikhakhali.

Mesenjala amene anakhoma chikwangwanicho anapirira kwa ola lathunthu. Kenako anayang'ana uku ndi uku, n'kuyamba kunong'oneza munthu mmodzimmodzi tanthauzo lake. Lamulo loletsa makutu linafalikira ufumu wonse kudzera m'makutu.

"Samva za anzake adamva nkhwangwa ili m'mutu," anatero Nabiyeni, akuwonjezera tomato wa basela m'jumbo ya Madamu.

"Osati kunoko, mayi," anayankha wapabutchala. "Kuno nkhwangwayo aziiona."

Madamu Kaphwiyo sanaseke nawo. Ankadziwa chinthu chimodzi chimene msika sunkadziwa: iwo kujambula kunawadutsa patali.

Lolemba anaima pabolodi ndi choko kuti aphunzitse za ng'ombe. Anajambula thupi, miyendo inayi, n'kutembenuka monyadira. Ana anayang'ana, anayang'ananso. Kenako mtsikana wina wochenjera, dzina lake Filesi, anadzuka mwaulemu, anatenga mbale yake yaphala n'kuigwirizira pamwamba pa chithunzicho. Kalasi yonse inagwedeza mitu kuti phunziro la tebulo lamveka. Madamu anawonjezera nyanga. Ana anakweza mapewa: tebulo la anthu olemera, mwina. Anawonjezera mchira, ndipo mwana wina anathawira panja kuti akasekere kutali ndi lamulo.

Kumbuyo kwa kalasi kunakhala a Suzumire, woyendera sukulu, amene anatumizidwa kudzaonetsetsa kuti pakamwa pali chitsekere. Tsiku lililonse lopanda mawu ankajambula kaloko m'buku lawo. Belu lomaliza litalira anawaitanira Madamu pansi pa mtengo.

"Madamu, kumapeto kwa teremu ino Mfumu ikubwera kudzaona zipatso za lamulo lake, ndipo yasankha kalasi yanu. Ikakhumudwa, mukupita ku Kosaoneka."

Kosaoneka inali sukulu ya kumalire kwa ufumuwo, kumene ankatumiza aphunzitsi okhumudwitsa akuluakulu. Kalata yopita kumeneko inkabwerera yokha itasowa njira. Madamu anachita mantha. Sankaopa mtunda. Ankaopa kusiya ana awowo m'manja mwa munthu wosadziwa amene wabwera osadya.

Masana amenewo mawu onse a tsikulo anaphulikira kunyumba. Anafotokozera amuna awo za ng'ombe kuyambira kunyanga mpaka kuziboda, anakalipira nkhuku, analangiza mbuzi ya aneba, anabwereranso kwa amuna awo.

"Mayi a Yotamu," anatero bamboyo atapeza kampata, "pumani kaye."

"Ndipume? Ndakhala ndikupuma kuyambira m'mawa! Ine munthu wa satifiketi, ng'ombe yanga aiikira mbale pamsana! Mukanakhala inu…"

Bamboyo anakhala pansi bwinobwino, podziwa kuti chiganizo chake chachisanu sichinali cha chaka chimenecho.

Madamu anayesa kujambula mlungu wathunthu. Nsomba yawo inkaoneka ngati nsapato, mapu a ufumu ngati chilonda. Lachisanu, mkwiyo utafika m'khosi, anaponya choko pansi n'kutuluka panja. Ana anawatsatira, poganiza kuti ndi phunziro. Pakhomo panali ng'ombe yeniyeni ya munthu wina ikudya udzu wa pabwalo. Madamu anathyola kamtengo, anailoza ng'ombeyo mwaukali ngati yawalakwira, kenako analoza anawo, n'kuloza pansi. Ana anagwada n'kuyamba kujambula padothi ndi zala.

Zimene anaona Madamu zinawaiwalitsa mkwiyo. Ng'ombe za anawo zinali ng'ombe. Koma Madamu anazungulira n'kugogoda ndi kamtengo pachithunzi cha Filesi, n'kulozanso nyamayo: yang'ananso. Filesi anayang'ananso, n'kuona kuti khutu lamanzere n'long'ambika. Analikonza. Madamu anavina pang'ono pomwepo, a Suzumire n'kufufuza m'mutu ngati kuvina n'kulankhula. Anapeza kuti ayi, ndipo anajambula kaloko kawo.

Kuyambira tsiku limenelo sukulu inali imeneyo. Madamu ankaloza, ana ankayang'ana, n'kujambula ndi makala pamapepala a matumba a simenti. Wojambula zongoganizira ankabwezedwa kuti akayang'anenso. Anawerenga miyendo ya chiwala. Anatsata mthunzi wa mtengo kuyambira m'mawa mpaka masana. Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ana a Sitandade 5 anadekha mpaka anawaonadi, n'kuwajambula onse awiri pansonga za tinyanga. Kenako Madamu anayamba kuloza msewu belu lomaliza lisanalire, kutanthauza kuti popita kwanu muziyang'ananso. Ana anayamba kuyenda m'mudzi maso ali tong'o, ndipo anthu ena akuluakulu anayamba kutseka mawindo.

Kutatsala masiku atatu kuti mfumu ifike, a Ndavomera anatumiza zithunzi zokonzeratu kuchokera kulikulu. Zinali zokongola: sukulu ya denga lonyezimira, ana onenepa masaya, mfumu ikudula riboni. A Suzumire anazikhoma m'makoma monse n'kulamula kuti mwana aliyense adzaime pafupi ndi chimodzi ngati wajambula ndi iye. Madamu anapumira m'mwamba. Linali bodza, koma bodza lowasungira kalasi yawo.

M'mawa wa tsikulo kunagwa chimvula. Poti denga linali likubwerabe, mvulayo inalowa m'kalasi ngati kwawo. Pomwe inkakata, denga lonyezimira lija linali litatsikira m'masaya mwa ana, mfumu itasungunukira m'riboni. Kumsewu malipenga a galimoto zachifumu anali atayamba kumveka.

A Suzumire anagwira mutu. Belu linali litalira kale, ndiye sakanatha ngakhale kutukwana.

Mfumu inalowa ikulumpha zithaphwi, nduna zili pambuyo. Pakamwa pa mfumu lamulo silinkafikapo, ndipo aliyense wofunsidwa ndi mfumu ankaloledwa kuyankha. Inayang'ana makoma othimbirira aja.

"Izi ndi chiyani, a Ndavomera?"

"Zikomo Mfumu, limeneli ndi phunziro la… la madzi osefukira."

"Ndaliona. Lamveka bwino kwambiri. Koma ndikufuna ndione anawa akujambula ndi maso angawa. Ajambule zimene aphunzira."

Madamu anagawa makala ndi mapepala. Aloze chiyani? Ng'ombe kunalibe, nkhono zinabisala. Posowa chochita anakweza kamtengo kawo n'kuzunguliza dziko lonse, kuyambira kumsewu mpaka kumapiri. Mumtima ankapemphera kuti ajambule ziwala.

Ana anawerama. Munkangomveka makala okhaokha.

Pepala loyamba kufika m'manja mwa mfumu linali la Filesi. Panali khola la nkhuku lalitali, lofoleredwa ndi malata atsopano, ndipo palata lililonse panali chidindo cha unduna wa maphunziro. Pakhomo pa kholalo panaima munthu wamimba yosongoka, batani lachitatu la malaya litasowa.

Mfumu inayang'ana pepala, inayang'ana a Ndavomera, inawerenga mabatani. Nkhope yake inawala ngati ya mwana amene wapeza yankho koyamba.

"Ndi inu awa! A Ndavomera, ndi inu! Taonani batani! Ndipo malatawa ndi a sukulu ino!" Inaseka mpaka misozi. "Ndaona! Ndamvetsa! Kani n'zimene ankabwerera makolo aja chaka ndi chaka? Bwanji sankangojambula? Bweretsani china!"

China chinali njinga yamoto ya a Suzumire, kumbuyo kutamangidwa thumba la ufa wa phala la ana, ufawo ukudontha kuchokera pasukulu mpaka pakhomo pawo. Ngakhale nambala ya njingayo inalipo, mwana ataikopera ngati maluwa. China chinali nduna ya mafuta ikupopa jenereta yachifumu ndi kapaipi, masaya ali tutumu. Mfumu inali kudumphadumpha, kuthamanga uku ndi uku, kuika pepala lililonse pambali pa nkhope ya mwini wake kuti ifananize.

"Lamulo langa likugwira ntchito! Madamu, ndinu mfiti ya mphunzitsi! China! China!"

Madamu Kaphwiyo anayamba kuona kuwala. Mwina ulendo wa ku Kosaoneka uwapita pambali. Anamwetulira, mpaka pamene anaona pepala limene kamtsikana kakang'ono ka kutsogolo, komwe mayi ake ankachapa zovala kunyumba yachifumu, kanalinyamula ndi manja awiri. Anafuna kukuwa kuti iwe, khala pansi! Pakamwa panatseguka. A Suzumire anawayang'ana, ndipo panatsekekanso.

Papepalapo panali kuseri kwa nyumba yachifumu. Panali khola la agalu a mfumu, lalikulu kuposa Sitandade 5, ndipo denga lake linali la malata a chidindo chomwe chija, ochuluka kuposa a nkhuku za a Ndavomera. Pamthunzi pake panali mpando wandalema, ndipo pampandopo panagona munthu, kukamwa kuli yasa, ntchentche ili pamlomo, chipewa chachifumu chitagwera pansi n'kuonetsa dazi limene ojambula a kunyumba yachifumu anali asanalionepo pa zaka makumi awiri.

Mfumu inayang'ana nthawi yaitali. Vuto la munthu wophunzira ndi maso n'lakuti sangananene kuti sanamve. Inapinda pepalalo kanayi, inakhazika bwino chipewa chake, n'kutuluka osatsanzika. Nduna zinatsatira, aliyense atabisa chithunzi chake m'thumba.

Madamu anapita kunyumba n'kuyamba kulongedza. Tsiku limenelo sanalankhule ngakhale belu litalira, ndipo amuna awo anachita mantha mpaka anawagwira pachipumi.

Bwalo la nduna linakhala masiku awiri. A Ndavomera anafuna kuti mphunzitsiyo apite ku Kosaoneka dzuwa lisanalowe. Mlembi wa bwalo anafunsa kuti mlandu alembe wotani.

"Wanyoza Mfumu!"

"Ananena chiyani?"

Anaitanitsa buku la a Suzumire. Munali maloko okhaokha, tsamba ndi tsamba, teremu yonse. M'ufumu wonse munalibe munthu wosunga lamulo ngati Zelesi Kaphwiyo.

"Ndiye wajambula zonyoza!"

"Zikomo bwana," anatero a Suzumire motsitsa mawu, "mayi amene uja sangajambule ngakhale dzira."

Wina anati alange anawo. Nduna ya zachilungamo inati kuti mwana alangidwe, chithunzi chake chiyenera kuonetsedwa m'bwalo la milandu ngati umboni, anthu onse akuona. Nkhaniyo inathera pomwepo. Zolanga a Ndavomera panalibe woziyambitsa, poti khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhatewo unali utavala chipewa. Kenako nduna ya zachitetezo inakumbutsa bwalo kuti ku Kosaoneka nakonso kuli ana, ndiponso kuti minda ya nduna zambiri ili komweko.

Bwalolo linapulumutsidwa ndi magetsi. Anayaka mwadzidzidzi, ndipo makina a katswiri uja, amene anaiwalika pakona chichokereni mwini wake, anadzuka okha n'kuponya pakhoma chithunzi chachiwiri: chikhutu chachikulu ngati tsamba la koko.

"Zikomo Mfumu!" anafuula a Ndavomera, ataimirira. "Kafukufuku watsopano! Ine masowa ndinayamba kale kuwakayikira!"

Loweruka mumsika wa Manong'onong'o mesenjala anaimba belu n'kulengeza ndi pakamwa pake, mokweza, kuti ana a ku Kuwalakunja apezeka kuti amaphunzira ndi makutu. Aphunzitsi azilankhula. Makala ndi a pambaula basi. Ndipo kuyambira belu loyamba mpaka lomaliza, mwana aliyense azikhala chitsinzinire.

"Tsopano chakudya tizingochimva," anatero wapabutchala.

"Dikirani chaka chamawa," anatero Nabiyeni. "Akatulukira mphuno, ana azidzaphunzira ponunkhiza."

Madamu Kaphwiyo anathamanga ulendo wonse wobwerera kunyumba, tomato akugwa m'jumbo. Anamasula katundu akuimba. Sakupita! Kalasi ndi yawobe, ndipo pakamwa pabwerera mwini wake!

Lolemba anafika belu lisanalire. Ana anakhala m'mizere pansi pa thambo, ndipo belu litalira onse anatsinzina mwamphamvu, nkhope zitakwinyika ngati akumwa mankhwala owawa. A Suzumire anakhala kumbuyo ndi buku latsopano, kuonetsetsa kuti pasapezeke diso lotseguka. Madamu anali ndi mawu a teremu yonse atadzaza pachifuwa: nyimbo za masamu, nkhani ya mvula, mbiri ya mafumu. Anakoka mpweya kuti ayambe. Kenako anayang'ana tinkhope tija, ana amene anaona maso a nkhono, atakhala mumdima dzuwa likuswa mtengo, ndipo anawamvera chisoni. Anaubweza mpweya uja pang'onopang'ono.

"Mwadzuka bwanji, ana inu?"

"Tadzuka bwino, Madamu!"

"A Suzumire, lamulo likuti ana aziphunzira pomva. Eti?"

"Ndi momwemo, Madamu."

"Likunena kuti azimva ndani?"

A Suzumire anatsegula buku, analitembenuza, anakanda m'mutu. "Silikunena."

"Zikomo." Madamu anakoka mpando n'kukhala pansi, chinthu chimene anali asanachitepo m'kalasi chiyambireni ntchito. "Musatsegule maso, ana anga, lamulo ndi lamulo. Filesi, imirira. Lankhula mokweza kuti anzako aphunzire. Tiuze zonse zimene waona panjira pobwera kuno."

Filesi anaimirira ali chitsinzinire, n'kutembenukira kumene kunkachokera fungo la mafuta a njinga yamoto ya a Suzumire.

"Madamu, ndiyambire thumba la lero kapena la Lachisanu?"